Mafunso ndi Mayankho: Namondwe Ali M'njira, Tiyang'ane Chiyani?

Makalata ambiri a ulendo uno akufunsa za masiku awiri kapena atatu aja amene chenjezo limakhala litaperekedwa koma namondwe asanafike. Tasankhapo angapo, ndipo ayankhidwa ndi odziwa zanyengo pamodzi ndi ogwira ntchito zopulumutsa anthu pa ngozi.

Funso: Akonzi, pa wailesi akuti namondwe afika mkuja, koma kunja kuli ngwee, dzuwa likuswa mtengo, ngakhale kamphepo palibe. Kodi sakungotiopseza? (Mayi wa ana atatu)

Yankho: Mayi, sakukuopsezani. Nyengo yokoma mukuionayo ikuchokera kwa namondwe yemweyo. Pakati pake mpweya wotentha ndi wachinyezi umakwera m'mwamba makilomita oposa 12, kenako umafalikira kunja n'kukatsikira kutali, makilomita mazanamazana kuchokera pakatipo. Mpweya ukamatsika umauma ndi kutentha, ndiye mitambo siipangika. N'chifukwa chake masiku a namondwe asanafike nthawi zambiri kumakhala kotentha ndi kwabata. Anamondwe ambiri a m'madera otentha amayenda makilomita 15 mpaka 25 pa ola, choncho amene afike mkuja, panopa ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000. Maso sangamuone.

Zizindikiro zimabwera motsatizana, ngakhale maola ake amasiyana malinga ndi kukula kwa namondweyo ndi liwiro lake. Kukatsala ngati tsiku ndi theka, kumbali imene akuchokera kumayamba mitambo yoyera, yopyapyala, yam'mwamba kwambiri, yonga nthenga. Imeneyi ndi ya tizidutswa ta madzi oundana, ndipo ikakuta thambo lonse dzuwa kapena mwezi umakhala ndi mkombero wowala. Dzuwa polowa limafiira modabwitsa. Kukatsala tsiku limodzi, pansi pa mitambo ija pamayamba kuthamanga timitambo totuwa tam'munsi, mphepo n'kufika makilomita 50 pa ola. Kenako kumabwera zimvula zodukizadukiza: imagwa mwamphamvu ndi mphepo kwa mphindi 20 kapena 30, n'kukata, dzuwa mwinanso n'kuwala, n'kuyambiranso mwamphamvu kuposa poyamba. Izi ndi mizere yakunja ya namondwe ikudutsa pamutu panu umodziumodzi. Kukatsala maola 12, munthu amavutika kuyenda, ngakhale kuimirira kumene kumavuta.

Mukuona tsono kuti zizindikiro zooneka ndi maso zimachedwa. Bungwe loona za anamondwe la National Hurricane Center ku Miami, m'dziko la United States, limapereka chidziwitso choyamba kukatsala maola 48 ndipo chenjezo lenileni kukatsala maola 36, ndipo maola amenewa samawerengera kufika kwa pakati pa namondwe, amawerengera nthawi imene mphepo ifike makilomita 63 pa ola. Pa liwiro limeneli thabwa la pulayiwudi la mamita 1.2 m'lifupi ndi 2.4 m'litali limakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 60, moti amene walinyamula pa makwerero amagwa nalo. Ntchito yonse yapanja ithe lero ndi mawa m'mawa, kudakali kowala chonchi.

Funso: Ndine msodzi wa pa nyanja yamchere. Akuluakulu amati nyanja ndiyo imayamba kunena. Zoona zake ndi ziti? (Msodzi)

Yankho: Akuluakuluwo amanena zoona, bambo. Mphepo ya namondwe imapanga mafunde aatali amene amathamanga kuposa namondweyo, ndipo amafika pagombe masiku awiri mpaka anayi mwini wake asanafike. Khalani pamalo okwera ndi wotchi, muwerenge mafunde amene akusweka pa mphindi imodzi. Oyendetsa sitima pa Atlantic amaphunzitsidwa kuti masiku wamba m'madera otentha amadutsa mafunde pafupifupi 8 pa mphindi, pamene ochokera kwa namondwe amakhala ngati 4 okha, koma akuluakulu, osalala, obwera mwandondomeko ngakhale kulibe mphepo. Kumene akuchokera n'kumene kunali namondwe pamene ankawapanga.

Mafunde amenewa amapha anthu dzuwa likuwala, chifukwa madzi ochuluka amene afika pagombe amabwerera m'nyanja kudzera m'mipata yopapatiza ndi mphamvu imene wosambira sangalimbane nayo. Bwato likokeredwe kumtunda patali ndi pamene madzi amafika, limangidwe, injini ichotsedwe. Palinso china: nthawi zina mphepo yochokera kumtunda imakankhira madzi kutali, gombe n'kuuma. Zinachitika ku Tampa Bay, ku Florida m'dziko la United States, mu 2017 pa nthawi ya namondwe Irma komanso mu 2022 pa nthawi ya namondwe Ian, ndipo anthu ena anatsikira kukayenda pamatopepo. Musatero. Mphepo ikangotembenuka madziwo amabwerera msanga.

Funso: Foni yanga ili ndi barometer. Dzulo masana inatsika, usiku inakweranso. Ndiziwerenga bwanji? (Wophunzira wa sekondale)

Yankho: Mwachita bwino kuiyang'anira, koma zimene mwaonazo si namondwe. M'madera otentha kulemera kwa mpweya, kumene barometer imayeza, kumakwera ndi kutsika kawiri tsiku lililonse: kumafika pamwamba cha m'ma 10 koloko m'mawa ndi 10 koloko usiku, n'kutsika cha m'ma 4 koloko masana ndi 4 koloko m'bandakucha. Kusiyanako kumakhala ma hectopascal 2 kapena 3 (umenewu ndi muyeso wa kulemera kwa mpweya). Amene sadziwa izi amachita mantha masana aliwonse.

Njira yake ndi iyi. Tengani kope, mulembe nambala ola lililonse, kapena pa maola atatu aliwonse, ndipo muziyerekeza nambala ya tsopano ndi ya dzulo pa ola lomwelo. Muziwerengera pamalo amodzi, chifukwa kukwera mamita 8 okha kumatsitsa nambala ndi 1. Kungokwera m'chipinda chapamwamba kumasokoneza kale. Musadandaulenso ngati foni yanu siikuonetsa 1013, imene ndi nambala yapakatikati pa gombe la nyanja. Amene ali kumapiri amaona yotsika kwambiri masiku onse. Chofunika ndi kusintha kwake.

Lamulo lakale la oyendetsa sitima limati nambala ikatsika ndi 3 kuchokera pa imene imakhalapo nyengo imeneyo, khalani tcheru, ndipo ikatsika ndi 5, namondwe ali pafupi. Chizindikiro china chodalirika ndi pamene kukwera kwa 10 koloko kuja kwasowa, nambala n'kumangotsikabe. Liwiro la kutsikako limanenanso mtunda: kutsika pang'onopang'ono, osakwana 1 pa maola angapo, ndiye kuti adakali patali, kutsika ndi 1 pa ola limodzi ndiye kuti kwatsala maola ochepa, kutsika ndi 2 kapena kuposa pa ola ndiye kuti pakati pake pali pafupi kwambiri. Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, nambala yotsikitsitsa imene inayezedwapo pa nyanja ndi 870, mkati mwa namondwe Tip mu October 1979 pa Pacific, ndipo pa Atlantic ndi 882, mkati mwa Wilma mu 2005.

Barometer imakuuzani za pamalo pamene mwaima pokha. Akatswiri amaona namondwe yense kuchokera pa satellite, ndipo pa Atlantic ndege zimalowa mkati mwake n'kugwetsa zida zoyezera. Kope lanu lidzakuthandizani kwambiri magetsi ndi netiweki zikadzathima.

Funso: Kodi munthu angadziwe kumene kuli pakati pa namondwe pongomva mphepo? (Mphunzitsi)

Yankho: Angadziwe, aphunzitsi. Kumpoto kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, mphepo ya namondwe imazungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi, kum'mwera imazungulira motsatira miviyo. Mukaifulatira mphepo kuti izikuwombani kumsana, pakati pa namondwe pamakhala kumanzere kwanu ngati muli kumpoto kwa equator, kumanja ngati muli kum'mwera, motsogolako pang'ono. Lamuloli limadziwika ndi dzina la Buys Ballot, katswiri wa ku Netherlands amene analifotokoza mu 1857. Mphepo yapansi imapotozedwa ndi nyumba, mitengo ndi mapiri, choncho ndi bwino kuyang'ana kumene ikulowera mitambo yam'munsi.

Chothandiza kwambiri ndi kulemba kumene mphepo ikuchokera ola lililonse. Ikamasuntha motsatira mivi ya wotchi, mwachitsanzo kuchoka kumpoto chakum'mawa, kupita kum'mawa, kenako kum'mwera chakum'mawa, muli kudzanja lamanja la njira ya namondwe. Ikamasuntha mobwerera, muli kumanzere. Ikamangochokera mbali imodzimodzi, uku ikukulirakulira ndipo barometer ikutsika, namondweyo walunjika pa inu. Mbali yoopsa kwambiri ndi yamanja kumpoto kwa equator ndi yamanzere kum'mwera, chifukwa kumeneko liwiro la ulendo wa namondwe limaphatikizana ndi liwiro la mphepo yake.

Funso: Pa mapu mzere wa namondwe ukudutsa patali ndi ife, ndipo akuti watsika kuchoka pa gawo 4 kufika pa gawo 2. Amuna anga akuti palibenso chosamukira. Ndiwayankhe chiyani? (Mayi wodandaula)

Yankho: Awuzeni mwaulemu kuti mapuwo akuwawerenga molakwika pawiri, ndipo kulakwitsa kumeneku kwaphetsa anthu ambiri.

Choyamba ndi mzerewo. Chojambula chozungulira mzerewo pamapupo, chimene chimayamba chopyapyala n'kumatambalala kutsogolo, chimangoonetsa kumene pakati pa namondwe pangadutse, ndipo ku National Hurricane Center amachijambula moti pakatipo pamakhala mkati mwake pafupifupi kawiri pa maulendo atatu alionse. Ulendo wachitatuwo pamatuluka kunja. Chojambulacho sichionetsa kukula kwa namondwe. Mphepo ndi mvula zimafika makilomita mazana kunja kwake. Mu August 2004 anthu ambiri ku Florida anayang'anitsitsa mzere wolunjika ku Tampa, koma namondwe Charley anakhota pang'ono n'kukalowera ku Punta Gorda, kum'mwera, ali pa gawo 4.

Chachiwiri ndi magawowo. Muyeso wa Saffir-Simpson umayeza mphepo yokha: gawo 1 limayambira makilomita 119 pa ola, gawo 2 pa 154, gawo 3 pa 178, gawo 4 pa 209, gawo 5 pa 252. Sunena kanthu za madzi. Edward Rappaport wa ku National Hurricane Center anafufuza imfa zochokera kwa anamondwe ku United States kuyambira 1963 mpaka 2012, ndipo anapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse anaphedwa ndi madzi. Pafupifupi theka anafa ndi nyanja yosefukira kumtunda, oposa kota anafa ndi madzi a mvula, pamene mphepo inapha osakwana mmodzi mwa 10. Katrina mu 2005 anali atatsika kuchoka pa gawo 5 kufika pa gawo 3 pamene ankafika kumtunda, komabe nyanja inakwera mamita oposa 8 pa gombe la Mississippi, chifukwa madzi amene namondwe wamkulu wakhala akuwakankha kwa masiku satha pompo mphepo ikachepa. Harvey mu 2017 anafooka atalowa ku Texas koma anaima malo amodzi, ndipo m'tauni ya Nederland ku Texas komweko munagwa mvula ya mamilimita 1,539.

Gawolo limathanso kukwera mofulumira. Otis mu October 2023 anachoka pa mkuntho wosafika n'komwe pa gawo 1 n'kufika pa gawo 5 mkati mwa tsiku limodzi asanagunde Acapulco ku Mexico. Choncho funso lofunika m'banja mwanu likhale lakuti: nyumba yathu ili pamalo amene madzi angafike? Ngati ili m'mbali mwa nyanja, m'chigwa, pafupi ndi mtsinje, kapena akuluakulu a boma alamula kuti dera lanu lisamuke, nyamukani kudakali kowala. Misewu yam'munsi ndi milatho zimamira maola angapo mphepo yaikulu isanafike. Simufunika kupita kutali kwambiri, mufunika malo okwera ndi nyumba yolimba.

Funso: Ife tili kumapiri, kutali ndi nyanja. Zikutikhudza? (Wowerenga)

Yankho: Zikukukhudzani kwambiri. Mphepo imafooka namondwe akalowa kumtunda, koma chinyezi chimene wanyamula chikagunda mapiri chimakwera n'kusanduka mvula yoopsa. Mitch mu 1998 anapha anthu oposa 11,000 ku Central America, makamaka ndi madzi osefukira ndi kugumuka kwa mapiri ku Honduras ndi ku Nicaragua. Freddy, amene anakhala masiku 36 mu 2023, anagumula mapiri kum'mwera kwa Malawi, ndipo Helene mu 2024 anamiza madera a kumapiri a North Carolina, kutali ndi gombe.

Ikani panja chitini chowongoka m'mbali, pamalo opanda denga kapena mtengo, muziyeza madzi ake ndi rula. Sentimita imodzi m'chitinimo ndi mvula ya mamilimita 10, kutanthauza malita 10 pa sikweya mita iliyonse ya phiri lili kumtunda kwanulo. Mukaona masentimita 10 pa tsiku limodzi, nthaka inali kale yonyowa, ndipo mvula sikukata, amene ali m'tsinde mwa phiri kapena m'khwawa achokepo. Zizindikiro zakuti nthaka yayamba kuyenda ndi izi: ming'alu yatsopano pansi kapena pakhoma, mitengo ndi mapolo kupendekeka, zitseko kukanika kutseka, madzi kutumphuka pamene sipanakhalepo kasupe. Choopsa koposa ndi mtsinje umene watsika mwadzidzidzi mvula ikugwabe, chifukwa ndiye kuti watsekeka kumtunda ndipo uphulika. Mukamva mkokomo kuphiri thawirani cham'mbali ndi kumalo okwera, osati kutsetsereka motsata khwawa. Madzi othamanga ofika masentimita 15 amagwetsa munthu wamkulu, a masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono, a masentimita 60 amakokolola ngakhale zazikulu.

Funso: Ena akuti timate tepi pamawindo, ena akuti titsegule zenera limodzi kuti nyumba isaphulike. Zoona ndi ziti? (Bambo wa banja)

Yankho: Zonse ziwiri zisiyeni, bambo. Tepi siilimbitsa galasi, imangochititsa kuti lisweke m'zidutswa zikuluzikulu. Kutsegula zenera ndiye koopsa kwambiri. Mphepo ikamadutsa pamwamba pa denga imalikokera m'mwamba, ndipo ikalowanso m'nyumba imalikankha kuchokera pansi. Mphamvu ziwirizi zikaphatikizana denga limasasuka, ndipo makoma opanda denga sachedwa kugwa. Dziwaninso kuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi.

Mawindo atchingeni kunja ndi pulayiwudi wa mamilimita 16, wopitirira zenera ndi masentimita 10 mbali zonse, womangidwa ndi masikuluwu kapena mabawuti pa masentimita 30 mpaka 40 alionse, olowa m'khoma kapena m'felemu yolimba. Padenga, malata amayamba kuzuka m'makona ndi m'mphepete, choncho kumeneko onjezani masikuluwu pa msana uliwonse wa lata. Masikuluwu amagwira kuposa misomali yosalala. Koma kukhomerera malata kulibe phindu ngati mitengo ya denga siinamangiriridwe kukhoma ndi zitsulo kapena waya wokhuthala, chifukwa denga limanyamuka lonse lathunthu. Miyala ndi njerwa zotsamiritsa denga zichotsedwe, pamodzi ndi migolo, mipando, malata otsala ndi chilichonse chimene chili pabwalo. Zinthu zouluka n'zimene zimaboola mawindo. Dulani nthambi zolendewera padenga ndipo yeretsani ngalande.

Funso: Tisunge madzi ochuluka bwanji, nanga chakudya cha mufiliji? (Agogo olera zidzukulu)

Yankho: Agogo, werengerani malita 4 pa munthu aliyense tsiku lililonse, akumwa ndi ophikira. Masiku atatu ndi poyambira chabe. Ngati muli ndi zosungiramo konzekerani sabata. Banja la anthu 5 lifunika malita 140, kapena zigubu 7 za malita 20. Tungani lero, chifukwa mapampu amaima magetsi akathima ndipo zitsime zimalowa madzi akuda. Madzi okayikitsa awire kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena thirani madontho 2 a bulichi wamba wopanda zonunkhiritsa pa lita imodzi n'kudikira mphindi 30. Ngati ali amatope, ayambe adikha ndi kusefedwa pa nsalu yoyera.

Filiji yosatsegulidwa imasunga chakudya maola 4, filiza yodzaza maola 48, yodzaza theka maola 24. Ikani mabotolo a madzi mufiliza lero kuti aume, adzathandiza kuziziritsa. Mankhwala a odwala matenda okhalitsa akhale okwanira sabata, ndipo ziphaso ndi makalata ofunika zilowe m'pulasitiki wosalowa madzi. Tchajani mafoni onse, mugule mabatire a tochi ndi a wailesi. Netiweki ikadzaza, uthenga wolemba umadutsa kuposa kuimba. Jenereta iyake panja pokha, mamita 6 kuchokera panyumba, kutali ndi mawindo, ndipo makala oyaka asalowe m'chipinda chotseka. Utsi wa carbon monoxide, wochokera ku jenereta ndi makalawo, suoneka, sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo namondwe atadutsa kale.

Funso: Ndinamva kuti pakati pa namondwe kumakhala bata. Tingatuluke nthawi imeneyo kukakonza denga? (Mnyamata)

Yankho: Ayi, achimwene. Diso la namondwe, pakati pabatapo, nthawi zambiri limakhala makilomita 30 mpaka 65 m'mimba mwake. Ngati ndi la makilomita 40 ndipo namondwe akuyenda makilomita 20 pa ola, amene ali pakati penipeni amakhala ndi bata la maola awiri, koma amene ali cham'mphepete amakhala nalo mphindi zochepa, ndipo muli pansi simungadziwe kuti muli pati. Mphepo yamphamvu koposa ili m'mitambo yozungulira disolo, choncho bata likatha siyambira pang'onopang'ono. Imafika yonse m'mphindi zowerengeka, kuchokera mbali yotsutsana ndi yoyamba ija. Mitengo ndi makoma zimene zinapendekekera mbali imodzi zimagwa pa ulendo wachiwiriwu.

Diso mungalizindikire motere: mphepo imasiya mwadzidzidzi itangofika pachimake, barometer ili pansi penipeni, kunja n'kofunda, mwinanso nyenyezi zikuoneka. Namondwe akamapita zenizeni mphepo imachepa pang'onopang'ono kwa maola ambiri, itasintha kale mbali, ndipo barometer imakwera mosalekeza. Batalo ligwiritseni ntchito m'nyumba momwemo: sunthani anthu kuchoka kukhoma limene tsopano liyang'anizane ndi mphepo. Malo abwino ndi kachipinda kapakati kopanda mawindo, matiresi ali pafupi oti mudzitchinjirize nawo kumutu. Madzi akayamba kuyandikira nyumba thimitsani magetsi pa switchi yaikulu mapazi adakali pouma. Akalowa kwerani pamwamba, koma musadzitsekere m'siling'i mopanda potulukira. Ngakhale mphepo itatha, mitsinje imapitiriza kukwera tsiku limodzi kapena awiri, ndipo waya aliyense wogwa mumutenge ngati ali ndi magetsi kufikira eni ntchitoyo atabwera kudzaona.